Kutsata galimoto pa msewu wa kunyanja, kuchokera ku Salima mpaka ku Dwangwa

Lolemba, Kamuzu Road, Salima

Nthawi isanakwane 9 koloko dzuwa la Okutobala layamba kale kuswa mtengo. Pa siteji pali piringupiringu: ma Sienta a ku Senga Bay, maminibasi a ku Lilongwe ndi a ku Nkhotakota, njinga za kabaza zikudutsa pakati pawo ngati usipa. Mukaima n'kumayang'ana zizindikiro za pamphuno pa galimotozi, zambiri ndi za ku Japan. Koma chimene chikulira pansi pa boneti iliyonse chinabadwira ku Germany.

Mu 1876 Nikolaus Otto anapanga injini yogwira ntchito m'masitepe anayi, ndipo mpaka lero sitinachokepo. Pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kuzipanikiza, pulagi imathetheka moto n'kukankhira pisitoni pansi, kenako imakweranso kutulutsa utsi. Patatha zaka khumi, pa 29 Januwale 1886, Karl Benz wa ku Mannheim analembetsa ngolo ya matayala atatu yoyenda ndi injini ya silinda imodzi, yamphamvu yosakwana ya hatchi imodzi. Anthu sanaikhulupirire mpaka mkazi wake Bertha, mu Ogasiti 1888, ataiyendetsa kuchoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim, mtunda woposa makilomita 100, wofanana ndi wochoka kuno kukafika ku Lilongwe. Mafuta anagula m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitsegula ndi phini ya chipewa, ndipo mabuleki amatabwa atatha anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Amakaniko a pansi pa mtengo a ku Salima ali ndi gogo wawo pamenepa.

Chimene dalaivala wa kuno ayenera kutolapo pa nkhani ya Otto ndi mpweya. Injini ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya mafuta. Ndiye kuti lita imodzi ya petulo imapsa ndi malita pafupifupi 9,000 a mpweya, ndipo wonsewo umadutsa pa kapepala kamodzi, fyuluta ya mpweya. M'chilimwe chino mpweya wa ku Salima ndi fumbi lokhalokha. Fyuluta ikatsekeka galimoto imalemera pothamanga. Ikabowoka ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa mchenga umalowa n'kumapala makoma a silinda ngati sandipepa, mapeto ake utsi wabuluu ndi kumwa oyilo. Ambiri amaibowola okha poipopera ndi kompuresa yamphamvu. Ngati mukuipopera, poperani pang'onopang'ono kuchokera mbali yoyera. Iunikeni padzuwa: kuwala kukadutsa pa kachibowo ngakhale kamodzi, itayeni. Buku la galimoto linalembedwera misewu yopanda fumbi, choncho kuno iyang'aneni nthawi iliyonse mukasintha oyilo.

Lachiwiri, Senga Bay

Makilomita pafupifupi 20 kuchoka pa boma, tala amatha ndipo tinjira topita ku madoko a asodzi ndi mchenga wokhawokha. Lero pa njira imodzi yotere tapeza Probox itatitimira mpaka pamimba, itanyamula mabasiketi a usipa. Dalaivala anali atapondaponda moto, matayala akutsogolo akungodzikumbira dzenje.

Yankho lake lili mu mbiri ya tayala. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopa mu 1888 pofuna kuti njinga ya mwana wake isamagwedeze. Nzeru yake inali yakuti chonyamula katundu ndi mpweya, mphira ndi thumba chabe. Kampani ya Michelin inawonjezera mu 1946 ndi tayala la radial, lomwe ulusi wake umayenda mopingasa ndipo pansi pake pali lamba wa waya. Chilembo R chimene mumaona pa 175/70R14 chimanena zimenezi. Tayala lotere mukalichotsa mpweya pang'ono, mbali yoponda pansi imatalika, kulemera kumagawanika, galimoto imayandama pamchenga m'malo mokumba.

Ndiye mukatitimira, choyamba chotsani phazi pa moto. Tsitsani katundu ndi anthu. Phwetsani matayala kuchoka pa 2.2 kapena 2.3 bar pa geji ya mpweya kufika cha pa 1.3. Kumbani mchenga kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa mimba, yalani makapeti kapena masamba a mgwalangwa, wongolani chiwongolero, n'kutuluka pang'onopang'ono potsata m'mene munalowera. Mukangofika pa tala, popani. Tayala lophwa likathamanga pa msewu wotentha mbali zake zimapindika mobwerezabwereza, zimatentha, lamba amanyotsoka ndipo limaphulika.

Pali manambala awiri pa tayala amene ogula akaunjika amawalumpha. Yoyamba ndi zaka. Pambuyo pa zilembo DOT pali manambala anayi omalizira: 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lodutsa zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mano ake akuoneka bwino, mphira wake wayamba kuuma, ndipo dzuwa la kunyanja limafulumizitsa zimenezi. Yachiwiri ndi katundu. Pa 84S, nambala 84 ikunena kuti tayalalo linyamule makilogalamu 500 basi. Nambala imeneyi tiifuna Lachinayi.

Lachitatu, Chipoka

Chipoka ndi pamene njanji imakumana ndi nyanja. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi ku Sena unatsegulidwa, ndipo kwa zaka zambiri katundu wa chigawo chino ankayenda pa sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Lero pa doko pali zii, pamene pa M5 malole akudutsa motsatizana. Chimene chinapangitsa kuti tayala la mphira ligonjetse la chitsulo chinachitikira ku Detroit.

Ford Model T inatuluka mu 1908 pa mtengo wa madola 850. Mu 1913, ku fakitale ya Highland Park, Henry Ford anasintha kachitidwe: m'malo moti amisiri azizungulira galimoto imodzi, galimotoyo ndiyo inkayenda pa lamba, munthu aliyense ataima malo amodzi akumanga chinthu chimodzi. Nthawi yolumikiza thunthu la galimoto inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Pofika 1925 mtengo unali madola 260, ndipo pamene inkalekedwa mu 1927 zinali zitapangidwa zoposa 15 miliyoni. Chinsinsi chenicheni sichinali lambayo ayi, koma kuti chitsulo chilichonse chinkatuluka chofanana ndendende ndi chinzake, chosafuna kuchipala kuti chilowe. N'chifukwa chake lero mungagule beringi pa sitolo ya sipeya ku Salima n'kukalowa pa galimoto yopangidwa ku Aichi, ku Japan. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha mwagula ndi nambala. Pitani ndi nambala ya chesesi, yoyamba ndi zilembo monga NCP81, osati kungoti "ya Sienta". Zitsulo ziwiri zofanana m'maso zitha kusiyana ndi milimita imodzi, ndipo milimita imeneyo ndiyo imadya habu.

Kufanana kwa zitsulo kunabweretsanso njira yotumiza galimoto m'mabokosi. Mu 1924 Ford inayamba kulumikiza Model T ku Port Elizabeth, ku South Africa, m'nyumba yomwe kale inkasungira ubweya wa nkhosa, ndi zitsulo zochokera ku Canada. General Motors inatsatira mu 1926, Volkswagen Beetle ku Uitenhage mu 1951. Ilala nayo inabwera chimodzimodzi: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inafika zidutswazidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951. Ma Hilux atsopano amene mumaona ndi mabungwe kuno ambiri amapangidwira ku Prospecton, ku Durban.

Lachinayi, Salima mpaka Nkhotakota

"Awiri otsala, madala, tiyeni tizipita!" Pa Kaphatenga timakhotera kumpoto. Kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita oposa pang'ono 100, kudutsa pa Khombedza, Benga ndi mlatho wa Chia pomwe amayi amakweza nsomba m'mwamba galimoto ikamayandikira. Msewu ndi wathyathyathya, wopanda zitunda zotopetsa injini, komabe m'mbali mwake simulephera kuona galimoto boneti ili yasa, nthunzi ikufuka.

Banja la Toyoda linayamba ndi makina oluka nsalu. Kiichiro, mwana wa Sakichi Toyoda, ndiye anatembenukira ku galimoto, ndipo kampani ya Toyota inaima payokha mu 1937. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha a Toyota analibe ndalama zounjikira zitsulo ngati a ku America, choncho Taiichi Ohno, injiniya wa kampaniyi, anakonza zoti chitsulo chizifika pa lamba nthawi imene chikufunika, komanso wantchito aliyense akhale ndi mphamvu yoimitsa lamba akaona cholakwika. Umphawi umenewo ndiwo unabala kulimba. Corolla inatuluka mu 1966, Hiace mu 1967, Hilux mu 1968. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 dziko lonse linathamangira galimoto zazing'ono zosamwa, ndipo Japan anali atakonzeka kale.

Galimotozi zimafika bwanji kuno zikadali ndi moyo? Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, kuyeza kotchedwa shaken komwe kumadya ndalama zambiri. Eni ake amaona kuti bola kugulitsa. Popeza iwo ndi ife tonse timayenda kumanzere, chiwongolero chili kale mbali yoyenera. Zimakwera sitima, zambiri n'kutsikira ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe.

Tsono Sienta, yomwe inayamba mu 2003, inapangidwira banja la anthu asanu ndi awiri m'tauni. Yokha imalemera makilogalamu pafupifupi 1,200. Ikani anthu khumi ndi mmodzi a makilogalamu 65 aliyense, ndi 715. Onjezani matumba atatu a mpunga, 150. Mwadutsa 2,000, malire a matayala onse anayi a 84 aja, ndipo kulemera kwambiri kuli kumbuyo. Apa sipafunika kufunsa chomwe chimaphulitsa tayala pa Benga masana.

Za kutentha kwa injini, pali zolakwika ziwiri zomwe zafala moti zimaoneka ngati nzeru. Choyamba ndi kuthira madzi a pa mjigo mu rediyeta. Madziwa ali ndi mchere womwe umamatirira m'timapaipi ting'onoting'ono n'kudya aluminiyamu. Thirani kulanti, mankhwala oziziritsa injini, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, otcheza aja, osati asidi. Chachiwiri ndi kuchotsa themositati poti kuno n'kotentha. Kachitsulo kameneka kamatseguka cha pa madigiri 82, ndipo pa injini zambiri kakatseguka kamatsekanso njira yachidule kuti madzi onse adutse mu rediyeta. Mukakachotsa, madzi ena amangozungulira mu injini osazizira, ndipo m'mawa kompyuta imaona ngati injini sinatenthe n'kumathira mafuta ambiri. Yang'ananinso chivindikiro cha rediyeta. Cha 1.1 bar chimachititsa kuti madzi asawire mpaka cha pa madigiri 120. Mphira wake ukang'aluka amawira msanga, ndipo anthu amasintha gasiketi pamene vuto linali kachivindikiro. Musatsegule chivindikirocho injini ili yotentha, nthunzi yake imasupula khungu.

Giyabokosi ya ma Sienta ambiri ndi CVT, lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Imafuna mafuta akeake olembedwa CVT. Mukathira ATF, mafuta a giyabokosi wamba ya otomatiki, lamba amayamba kuterereka, galimoto imanjenjemera ponyamuka, ndipo sipatenga nthawi kuti mugule giyabokosi ina.

Lachisanu, Nkhotakota

Pansi pa mkuyu wa pano David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, mu 1863, nthawi imene katundu yense wofika pa gombe lino, minyanga ndi anthu ogwidwa ukapolo, ankabwera wapansi. Atsamunda atabwera, mutu wa munthu unakhalabe lole: amtengatenga ankasenza mabokosi, ena n'kumanyamula azungu pa machila. Tikamadandaula za maenje a pa msewu tizikumbukiranso kuti lole imodzi ya matani asanu ndi awiri inatula mitolo pamitu ya anthu oposa mazana awiri.

Galimoto imene inatsegula njira za kumidzi kuno, akuluakulu amaikumbuka, ndi Land Rover ya bwana DC ndi ya kumishoni. Inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948, ndipo thupi lake linali la aluminiyamu chifukwa nkhondo itatha chitsulo ku Britain chinkagawidwa moyeza. N'chifukwa chake zina zikadali m'mabwalo, thupi losachita dzimbiri koma chesesi itadyeka. Land Cruiser inayamba mu 1951 n'kulanda malo pang'onopang'ono.

Pa galaja ina pafupi ndi msika tinapeza Hiace ya dizilo yokana kulira, ndipo mnyamata anali atagwira kale sipanala kuti amasule pampu ya dizilo. Mkulu wake anamuletsa: "Iwe, yamba wakhetsa fyuluta." Munatuluka madzi odzaza kapu. Injini ya Rudolf Diesel, yomwe inayenda bwino koyamba mu 1897, ilibe mapulagi a moto. Imapanikiza mpweya kuwirikiza kawiri kuposa ya petulo mpaka utatentha moti dizilo akangopoperedwa amayaka yekha. Pampu ndi manozo zomwe zimachita zimenezi zimatetezedwa ndi dizilo yemweyo, ndiye madzi akalowa zimakhulana n'kuchita dzimbiri. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kabawuti kapulasitiki. Kamasuleni, pompani kapampu ka pamwamba mpaka dizilo woyera atuluke, mangani, pompaninso mpaka kalimbe. Pa injini za dizilo za Toyota zotchedwa 3L ndi 5L musaiwale lamba wa taimingi pa makilomita 100,000 alionse. Akaduka muli pa liwiro, mavavu amakumana ndi mapisitoni.

Loweruka, Dwangwa

Mukawoloka Bua n'kuyandikira Dwangwa, nzimbe zimayamba mbali zonse ziwiri ndipo mpweya umanunkhira molasesi. Pa ulendo wonse uno, apa ndi pamene Malawi salinso wogula chabe. Ali ndi dzanja lake mu mbiri ya galimoto.

Mitengo ya mafuta itakwera mu 1973 ndi mu 1979, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itayamba kusokoneza njira za ku Beira ndi Nacala, dziko lopanda doko la panyanja yamchere ngati lathu linali pa mpanipani. Brazil anali atayamba kale mu 1975 kuyendetsa galimoto ndi mowa wa nzimbe. Mu 1982 fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa pano, pafupi ndi ya shuga, ndipo kuyambira pamenepo petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, mowa wa nzimbe uja. Ndi maiko ochepa mu Africa amene anayamba kale chotere n'kupitiriza. PressCane ya ku Chikwawa inadzawonjezera mu 2004.

Aliyense amene anaonapo kutcheza kachasu amvetsa ntchito yake. Shuga akachotsedwa m'madzi a nzimbe pamatsala phala lakuda lokhuthala, molasesi, lomwe likadali ndi shuga wokana kuuma. Amalisungunula ndi madzi, kuthira yisiti, n'kulisiya kuti lisase. Kenako amaliwiritsa m'minsanja italiitali: mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa 100, choncho nthunzi yoyamba kukwera ndi ya mowa. Kutcheza kokha kumathera cha pa 96 peresenti, ndipo madzi otsalawo amachotsedwa mwa njira ina kuti ufike poti n'kusakanizika ndi petulo.

Ubwino wake mu injini ndi wakuti salola petulo kuphulika nthawi isanakwane, kugogoda kuja kumene mumamva pokwera chitunda. Vuto lomweli a General Motors analithetsa mu 1921 pothira mtovu m'petulo, ndipo mtovu umenewo unawononga ubongo wa ana padziko lonse kwa zaka makumimakumi. Kuno kumwera kwa Sahara unaletsedwa pofika Januwale 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021. Zimandikhudza kuti nzimbe za pa Dwangwa zinkagwira ntchito yomweyo popanda chiphe.

Koma ethanol ali ndi khalidwe lake loyenera kulidziwa. Mphamvu yake pa lita ndi yochepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, ndiye pa msakanizo wa 10 peresenti galimoto imamwa mowonjezera ndi 3 peresenti yokha, osati theka monga ena amanenera pa siteji. Chachikulu n'chakuti amakoka chinyezi. Petulo wosungidwa m'chigubu chosatseka bwino, m'mpweya wa kunyanja uno, amamwa madzi mpaka ethanol ndi madziwo zimalekana ndi petulo n'kukhala pansi. Pampu ya galimoto imakoka kuchokera pansi pomwepo. Galimoto imayamba kudukiza, kenako zii. Mukakakamizika kugula wa m'chigubu, thirani pang'ono m'botolo loyera, dikirani mphindi zisanu. Mukaona mzere wogawa pakati, kapena ali mbuu ngati thobwa losungunula, musathire. Injini za maboti, majenereta ndi njinga zamoto zomwe zimakhala osalira kwa milungu ingapo, tsekani mafuta n'kuzisiya zilire mpaka kabureta iume. Timapaipi takale tamphira timafewa ndi ethanol, tisintheni tisanayambe kudontha pa injini yotentha.

Lamulungu, kubwerera ku Salima

Pobwerera tapatukira ku Nanjoka, komwe magalasi a sola ayala ngati nyanja yachiwiri. Malowa anayamba kupereka magetsi mu 2021, mamegawati 60. Anthu amayesa galimoto ya magetsi ndi yachilendo, chonsecho yoyamba kudutsa liwiro la makilomita 100 pa ola, mu 1899, inali ya batire, yoyendetsedwa ndi Camille Jenatzy wa ku Belgium. Masiku amenewo ya petulo inkalizidwa ndi chogwirira chopukusa pamanja chomwe chinkathyola anthu mikono. Charles Kettering ataika sitata ya magetsi pa Cadillac mu 1912, ndipo Ford atagwetsa mtengo, ya batire inazimirira kwa zaka pafupifupi zana. Inabwerera kudzera pa Prius mu 1997 ndi Nissan Leaf mu 2010, ndipo China, yomwe yakhala ikutsogola pa kuchuluka kwa galimoto zopangidwa kuyambira 2009, ndiyo ikupanga zambiri.

Zomwe zafika kale pa Kamuzu Road ndi za haibulidi, zoyendera petulo ndi batire limodzi, makamaka Aqua, yomwe inatuluka mu 2011. Batire yake yaikulu, ya mavoti 144, ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imazizira ndi kafani kokoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kazenera ka m'munsi mwa mpandowo. Mdani wake ndi kutentha, ndipo Salima ali nako kokwanira. Kazenerako kakatsekedwa ndi chitenje, thumba la ufa kapena fumbi, batire imaphika pang'onopang'ono. Zizindikiro zake: kafani kulira mokweza, mizere ya batire pa dashibodi kudzaza ndi kutha mofulumira, injini kukana kuzima pa malo oima. Tsukani kafaniko kamodzi pachaka, imikani pa mthunzi, ndipo musanyamule madzi kapena nsomba zodontha pa mpando umenewo.

Ikakana kuyaka m'mawa, musathamangire kuganiza za batire yaikulu. Nthawi zambiri ndi yaing'ono ya mavoti 12, yomwe imadzutsa kompyuta. Iyezeni galimoto itazima: pansi pa 12 ndiye kuti yafooka. Mawaya alionse a mtundu wa lalanje ndi a magetsi opha. Makaniko asanawakhudze azimitse galimoto, achotse waya wa negetivu pa batire yaing'ono, avale magolovesi a magetsi, azule pulagi ya lalanje ya pa batire yaikulu n'kuiika m'thumba mwake kuti wina asaibwezere, kenako adikire mphindi khumi.